Jombo za ski: overlap, cabrio kapena yotsegula kumbuyo?

Amene angoyamba kumene masewera otsetsereka pa chipale chofewa amaika mtima pa ski zenizenizo, timatabwa titalititali totsetserekerapo, kutalika kwake ndi dzina lolembedwa pamwamba. Koma chimene chimatsitsa anthu m'phiri dzuwa lisanafike paliwombo ndi jombo. Ski yosakuyenerani mumatsetsereka nayo tsiku lonse, kungoti mukudandaula. Jombo yosakuyenerani imakukhazikani pabenchi, zala zachita dzanzi, msongolo ukuwawa ngati wina wakumenyani ndi chibonga.

Jombo ya ski si yoyendera, ndipo amene amaiyesa pongoyendayenda nayo m'sitolo sakuyesa kanthu. Ntchito yake ndi imodzi basi: bondo likapita kutsogolo kapena likapendekera kumbali, mphamvuyo ifike pa chitsulo cha m'mphepete mwa ski nthawi yomweyo. Mpata uliwonse wotsala pakati pa phazi ndi pulasitiki umadyako mphamvu imeneyo. Kunja kuli chigoba cholimba, chomwe chili ndi mbali yapansi yokuta phazi ndi khosi lokuta mwendo. M'kati muli kansapato kofewa kochotseka, komwe aliyense amakatcha liner. Pamwamba pa khosi pali lamba, ndipo kunsi kuli milomo iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, yomwe imalowa mu binding, chida chogwira jombo pa ski. Kusiyana kwa mitundu ya jombo kwagona pa funso limodzi: chigoba cholimba chonchi chitseguke bwanji kuti phazi lilowe, nanga chipindike bwanji munthu akakankha msongolo kutsogolo?

Kale jombo zinali zachikopa, zomanga ndi zingwe. Kampani ya Henke ya ku Switzerland inabweretsa zomangira zachitsulo m'ma 1950, kenaka Bob Lange wa ku Dubuque, Iowa, anayamba kuumba jombo zapulasitiki m'ma 1960. Nancy Greene wa ku Canada anapata mendulo yagolide ku Grenoble mu 1968 atavala za Lange, ndipo pasanapite zaka zambiri chikopa chinasowa m'mipikisano. Lero luso lambiri la ntchitoyi lili m'dera la Montebelluna kumpoto kwa Italy, komwe kuli Tecnica, Nordica, Dalbello ndi Scarpa. Atomic ndi Fischer ndi a ku Austria, Salomon ndi wa ku Annecy ku France.

Overlap, jombo ya zomangira zinayi

Iyi ndiye yadzaza m'masitolo, ndipo ndi imene mumaona kumapazi kwa ochita mipikisano ya World Cup ya ski. Mbali yapansi ili ndi mapiko awiri apulasitiki omwe amasanjikizana pamwamba pa phazi, limodzi pamwamba pa linzake, monga mmene chitenje chimakulungira m'chiuno. Khosi nalo limakulunga mwendo chimodzimodzi. Khosilo limalumikizidwa ku mbali yapansi pa akakolo onse awiri, ndipo kumbuyo limamangidwa ndi bawuti imodzi kapena ziwiri. Zomangira ziwiri zili paphazi, ziwiri pamwendo.

Ubwino wake uli pa kakulungidweko. Mukamanga, mapiko aja amatsetserekerana ndipo chigoba chonse chimachepa mozungulira phazi, osati kungolitsindira pansi. Phazi likagwidwa choncho, kupendekeka pang'ono kwa bondo kumamveka pa ski pompopompo. Pa chipale cholimba ngati konkire, kapena pa ayezi wam'mawa, palibe jombo ina imene imaluma bwino ngati iyi. N'chifukwa chake aphunzitsi a ski ndi okonda kukhota mothamanga pa misewu yosalazidwa ndi makina safuna kumva za mtundu wina.

Kapindikidwe kake n'kamene kamagawanitsa anthu. Popeza khosi lamangidwa kumbuyo, silizungulira momasuka pa akakolo paja. Kuti lipite kutsogolo, pulasitiki yemweyo ayenera kupindika: khosi limatsamira pa mbali yapansi, ndipo mbali yapansiyo imatukumuka pang'ono m'mbali mwa kakolo. Choncho jombo imakana kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo mukaikankha kwambiri imafika poti yaima nji, ngati mwagunda khoma. Wampikisano amakonda khoma limenelo chifukwa amatsamirapo. Wodumpha, amene amatera ndi thupi lonse kuchokera m'mwamba, amalimva pamsongolo.

Vuto lachiwiri ndi kuvala ndi kuvula. M'nyumba yofunda mapiko aja amatseguka ndi manja. Jombo ikagona m'galimoto usiku wonse kunja kukuzizira madigiri 10 pansi pa ziro, pulasitiki amauma gwa, ndipo kulowetsa phazi kumasanduka nkhondo. Amene ali ndi msana wa phazi wautali amavutika kwambiri, chifukwa pokhota kuti phazi lilowe m'pamene m'mphepete mwa mapiko mumakanda. Njira yake ndi yosavuta: jombo zigone m'nyumba, ziyende kumapazi a mpando wakutsogolo komwe kukutuluka mpweya wofunda, ndipo povala kokerani lilime la liner kutsogolo ndi kumbali, osati m'mwamba, uku dzanja linalo likukankha phiko lina. Povula madzulo, khalani kaye m'nyumba mphindi zisanu zomangira zili zomasula.

Amisiri okonza jombo amaikonda overlap pa chifukwa china. Zabwino zake zimapangidwa ndi pulasitiki wochindikala wa polyurethane, yemwe amalola kutenthedwa n'kufutukulidwa pamalo amodzi, kapena kupalidwa m'kati ndi makina. Ikalimba mopitirira, pa mitundu yambiri mmisiri amatha kuchotsa bawuti imodzi yakumbuyo, kapena kudula kampata kooneka ngati V pamwamba pa mbali yapansi, n'kuifewetsa. Kudula sikubwezeka, ndiye yambani ndi bawuti.

Makampani akuluakulu amapanga jombo imodzi m'maumbidwe atatu. Atomic ali ndi Hawx Ultra yothina, Hawx Prime yapakati ndi Hawx Magna yotakasuka. Nordica ali ndi Promachine, Speedmachine ndi Sportmachine mwa dongosolo lomwelo. Tecnica Mach1 imabwera yolembedwa LV (yothina), MV (yapakati) kapena HV (yotakasuka). Kwa munthu wamba amene amatsetsereka m'misewu yokonzedwa, wa phazi lopanda zachilendo, overlap yapakati ndiyo yoyamba kuyesa, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Cabrio, ya zidutswa zitatu

Apa mbali yapansi ndi yotseguka pamwamba ngati bwato. Kumbuyo kuli khosi, ndipo kutsogolo kuli lilime lapulasitiki lapalokha, lokhala ndi mizeremizere ngati khosi lopindika la kapaipi komwera zakumwa, lomwe limavundikira kuchokera kuzala mpaka kumsongolo. Mukamasula zomangira, lilimelo limagwera kutsogolo lonse, phazi n'kungotsikira m'kati. Kuzizire bwanji, kuvala sikusintha kwenikweni.

Kholo la mtunduwu ndi Raichle Flexon ya ku Switzerland, yomwe inatuluka cha mu 1980. Bill Johnson wa ku America anapambana nayo mpikisano wa downhill, wotsika phiri pa liwiro lalikulu, pa Olimpiki ya ku Sarajevo mu 1984, choncho amene amati cabrio siingathamange aiwala mbiri. Dzina la Raichle litazimiririka pa jombo za ski, ochita zodumpha ndi otsika m'mabampu (timilu ta chipale) anapitiriza kusakasaka zakale ndi zipangizo zake, mpaka zikombole zomwezo zinaukitsidwa mu 2006 pansi pa dzina la Full Tilt. Lero jombo zimenezo zimagulitsidwa ndi K2 pa dzina la FL3X. Dalbello ali ndi mzere wakewake wochokera ku jombo yawo ya Krypton, ndipo Roxa ali ndi R3.

Chimene anthuwa ankafuna ndi kapindikidwe. Mu cabrio, chopindika ndi lilime, ndipo mizere ija imalilola kupindika popanda kutukumula chigoba m'mbali. Limayamba mofewa, n'kumalimba pang'onopang'ono mukamakankha, ngati sipuling'i, kenaka limakubwezerani. Khoma lija palibe. M'mabampu, momwe bondo limapinda ndi kuwongoka kawiri pa sekondi, ndiponso potera mukadumpha, msongolo umakhala wotsamira pa lilime nthawi yonse m'malo momenyekapo.

Chinanso ndi chomangira chapakati. Cabrio zambiri zili ndi zomangira zitatu, ndipo chapakaticho chimadutsa mopingasa pokhotera phazi, pa ngodya ya madigiri pafupifupi 45, n'kukokera chidendene kumbuyo ndi pansi, m'kathumba kake. Pa overlap palibe chomangira chimene chimakoka molunjika choncho. Munthu wa chidendene chowonda amene wakhala akuvutika ndi chidendene chonyamuka ayese cabrio asanataye mtima. Lilime limasinthikanso: pa Full Tilt malilime ankalembedwa manambala kuyambira 4 wofewa mpaka 12 wolimba, ndipo kusintha kumatenga mphindi zochepa. Jombo imodzi, malilime awiri, lina la masiku ozizira kwambiri pomwe pulasitiki wauma, lina la kumapeto kwa nyengo.

Zofooka zake zilipo, ndipo okonda cabrio samakonda kuzitchula. Lilime limatsindira phazi kuchokera pamwamba, silikulunga. Ngati phazi lanu ndi lopyapyala ndipo silidzaza bwato lija, kumanga kwambiri kumangofinya msana wa phazi pomwe m'mbali mukadali mpata. Pa ayezi, mukapendeketsa ski mwamphamvu, ambiri amamva kuti yankho likuchedwerako poyerekeza ndi overlap ya kulimba kofanana. Kufewa kwa poyambira kuja, komwe kumakoma m'mabampu, kumapangitsa wozolowera jombo yampikisano kumva ngati kutsogolo kulibe chotsamira. Chipale chosungunuka chimathanso kulowera m'mphepete mwa lilime ngati silinakhale bwino, ndipo cholakwa chofala povala n'chakuti m'mphepete mwake mumapindikira m'malo olakwika, munthu n'kumanga chomwecho. Mukamva kuti mbali imodzi ikukulumani pamene dzulo sinkatero, masulani muyang'ane lilime. Mitundu yomangira ndi mawaya imafunanso kuyang'anira mawayawo, chifukwa amatha kuthetheka pokhotera.

Yotsegula kumbuyo

Abale awiri a Hanson ku Colorado anaitchukitsa kumayambiriro kwa m'ma 1970, Salomon anatulutsa SX90 mu 1979 kenaka SX91, ndipo m'ma 1980 jombo zotere zinali ponseponse. Kumbuyo kwa khosi kumatseguka ngati chitseko, phazi limalowa ngati mu silipasi, chomangira chimodzi kapena ziwiri n'kutseka. Zinatha m'ma 1990 pa chifukwa chomveka: kutsogolo kwake ndi chigoba chimodzi chosachepetseka, ndiye phazi limagwidwa ndi waya kapena kachipangizo kam'kati kolitsindira pansi. Akatswiri anabwerera ku overlap, ndipo ena onse anawatsatira.

Nordica anaubweretsanso mtunduwu ndi HF, yomwe chomangira chake chakumbuyo mungachitseke ndi phazi linalo n'kuchitsegula ndi ndodo ya ski, osawerama. Kwa wachikulire wa msana wovuta, wa kakolo wosapinda bwino chifukwa cha kuvulala kwakale, kapena aliyense amene akanasiya masewerawa chifukwa cha nkhondo yovala, ndi jombo yabwino ndithu, ndipo kuinyoza n'kupanda chifundo. Kungoti musaiyembekezere kuluma pa ayezi.

Kagudumu ka BOA

Kuyambira nyengo ya 2023 mpaka 2024, Atomic, Fischer, K2 ndi Salomon anayamba kugulitsa overlap zomwe zomangira ziwiri zapaphazi zalowedwa m'malo ndi waya wokokedwa ndi kagudumu ka BOA. Si mtundu watsopano wa chigoba, ndi kamangidwe chabe. Chomangira chachitsulo chimakoka pamalo awiri ndipo chimakonda kutsindira pansi, pomwe waya amadutsa m'malo angapo n'kukoka mapiko mofanana. Kagudumuko kamatembenukira uku ndi uku, kumanga kapena kumasula pang'onopang'ono, ndipo mukakakoka kamamasula zonse. Amene zomangira zinkawapweteka pamsana wa phazi amapezapo mpumulo weniweni. Koma waya sangachepetse jombo yaikulu, ndipo amene jombo yake ndi yomuyenera kale, woti zomangira zapansi amangozitseka ndi chala chimodzi, sapindulapo zambiri. Kupota kagudumu kumatenganso nthawi kuposa kungotseka chomangira.

Za okwera phiri ndi miyendo

Pali ena amene safuna zikwepe. Amamata zikopa zoletsa kubwerera kunsi kwa ski n'kukwera okha. Jombo zawo zili ndi kachitsulo kumbuyo komasula khosi kuti lizungulire madigiri 50 kapena kuposa, ndi timaenje tachitsulo kuzala ndi kuchidendene tolowa mapini a binding yopepuka, nzeru ya Fritz Barthel wa ku Austria yomwe Dynafit anaifalitsa. Jombo wamba ya overlap imalemera pafupifupi makilogalamu awiri imodzi. Zokwerera monga Tecnica Zero G kapena Scarpa Maestrale zimakhala pansi kapena pafupi ndi kilogalamu imodzi ndi theka, chifukwa zimapangidwa ndi Grilamid kapena Pebax, mapulasitiki opepuka omwe sasintha kwambiri ndi kuzizira. Mtengo wa kupepukako mumaulipira potsika: chigoba chopyapyala sichimeza kugwedezeka, ndiye pa chipale chokumbikakumbika mapazi amamva chilichonse.

Pakati pali zosakaniza monga Tecnica Cochise, Lange XT3 ndi Atomic Hawx XTD. Ngati mumakweradi masiku ena, n'zothandiza. Ngati mukuigula kuti muziyenda bwino kuchokera poimika galimoto, mukulipira zambiri kuti mupeze jombo yotsika mocheperako, yokhala ndi kachitsulo komwe pakapita nthawi kamatha kuyamba kugwedera.

Manambala a pabokosi, ndi amene ali abodza

Saizi imalembedwa mu Mondopoint, kutalika kwa phazi m'masentimita. Chinsinsi chomwe ogulitsa ena sanena n'chakuti zigoba zimapangidwa pa sentimita yathunthu: 26 ndi 26.5 ndi chigoba chimodzi. Kuchoka pa 26.5 kupita pa 27 si theka, ndi kudumpha sentimita yonse.

Nambala yachiwiri ndi kutakasuka kwa chigoba pamalo otambalala a phazi. Mamilimita 97 kapena 98 ndi yothina, 100 yapakati, 102 mpaka 104 yotakasuka, ndipo zampikisano weniweni zimatsika mpaka 92 kapena 93. Nambalayi imayezedwa pa saizi 26.5, ndipo imakula kapena kuchepa ndi mamilimita pafupifupi awiri pa saizi iliyonse. Jombo yolembedwa 100 pa saizi 29.5 ili pafupi ndi 106. Komanso nambalayi siinena za kutalika kwa msana wa phazi kapena kuthina kwa chidendene, zomwe zili zofunika kuposa kutambalala, chifukwa mmisiri amatha kufutukula kuzala mosavuta koma kukweza denga la jombo kapena kuchepetsa chidendene ndi ntchito yovuta.

Yachitatu ndi flex, kulimba kwa jombo popindika, kuyambira cha pa 60 mpaka 130, ndipo zampikisano zimapitirira. Iyi ndiye yosadalirika. Palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata, choncho 120 ya kampani ina ingafanane ndi 110 kapena 130 ya ina, ndipo 130 ya jombo yokwerera siifika pa 130 ya overlap yolemera. Imathandiza poyerekeza jombo za mzere umodzi basi. Poyambira, amuna ambiri a luso lapakatikati amakhala bwino pa 90 mpaka 110 ndipo odziwa pa 120 mpaka 130. Akazi apakatikati pa 70 mpaka 90, odziwa kuyambira cha pa 95 kukwera. Kulemera ndi kutalika kwa munthu n'kofunika mofanana ndi luso: mwamuna wa makilogalamu 100 amene akuphunzira kumene amaipinda jombo ya 80 mpaka pansi. Kumbukiraninso kuti m'sitolo n'mofunda. Jombo ya polyurethane yomwe mukulephera kuipinda m'sitolo, kuphiri idzakhala ngati chitsulo, ndipo wolephera kupinda jombo amakankhidwira kumbuyo, ntchafu n'kuyamba kuyaka.

Kuyesa kwenikweni ndi kwa chigoba chopanda liner. Tulutsani liner, lowetsani phazi lovala sokosi yopyapyala, sunthirani kutsogolo mpaka zala zingokhudza, pindani bondo pang'ono, wina ayang'ane ndi tochi mpata wa kumbuyo kwa chidendene. Sentimita imodzi ndi ya ampikisano. Imodzi ndi theka mpaka ziwiri ndiyo yoyenera ambiri. Ikapitirira ziwiri ndi theka, jomboyo ndi yaikulu, ngakhale ikukoma bwanji. Kenaka ikani phazi pakati muone ngati akakolo kapena fupa la kuseri kwa chala chaching'ono zikukhudza pulasitiki. Pamenepo m'pofunika kufutukula. Bwezerani liner, valani, menyetsani chidendene pansi kawiri, mangani zapamwendo ndi lamba poyamba, pindani bondo katatu kuti chidendene chikhale m'malo mwake, zapaphazi n'kumalizira. Mutaima chilili zala zizikhudza kutsogolo. Mukapinda bondo zizichokako pang'ono. Khalani nazo mphindi 15 kapena 20, chifukwa malo ofinya saonekera msanga.

Yesani mapazi onse awiri, ndipo masana kapena madzulo, mapazi atatupako.

Zowawa ndi magwero ake

Chodabwitsa n'chakuti zowawa zambiri zimachokera ku jombo yaikulu, osati yaing'ono. Liner yatsopano imaphwa pakatha masiku angapo, ndipo jombo yomwe inali bwinobwino m'sitolo imasanduka chidebe. Phazi limatsetserekera kutsogolo, chala chachikulu n'kumagunda mpaka chikhadabo kuda. Mwini wake amaganiza kuti jombo yachepa, n'kukagula ina yokulirapo. Chidendene chikamanyamuka chimatulutsa matuza. Mwendo ukakhala ndi mpata m'khosi, msongolo umamenya lilime pa bampu iliyonse, makamaka kwa amene amatsamira kumbuyo. Mankhwala a msongolo ndi kutseka mpatawo: mangani zapamwendo mokwanira, ikani lamba pa lilime la liner penipeni, kapena sinthani lambayo ndi wotamuka wa mtundu wa Booster, yemwe amasunga lilime pamsongolo nthawi yonse.

Kuzizira kwa zala nako nthawi zambiri si nkhani ya nyengo. Pamsana wa phazi pamadutsa mtsempha wa magazi ndi minyewa, ndipo munthu wa jombo yaikulu amamanga kwambiri chomangira chapamenepo kuti phazi lisasunthe. Magazi amachepa, dzanzi n'kuyamba. Kuvala sokosi ziwiri kumangowonjezera kufinya. Sokosi ikhale imodzi, yopyapyala, yofika m'bondo, yopanda makwinya, ndipo m'jombo musalowe china chilichonse, ngakhale mwendo wa kabudula wam'kati wotenthetsa. Mukakwera chikwepe, masulani zapaphazi.

Amene katumba wake ndi wamkulu ndiponso wotsika, zomwe zimachitika kwambiri kwa akazi ndi kwa anthu aafupi, amalumidwa ndi m'mphepete mwa khosi ndipo amakankhidwira kutsogolo mopitirira. Jombo za akazi zimakhala ndi khosi lalifupi pa chifukwa chimenechi. Musanasinthe jombo, chotsani kachidutswa komatidwa kumbuyo kwa liner, ndipo sunthani makwerero a zomangira zapamwamba; jombo zambiri zili ndi maenje ena oboola kale.

Chopondapo chomwe chimabwera m'jombo yatsopano ndi kansalu chabe. Phazi lopanda chochirikiza limaphwatalala mukaliponda, limatalika ndi kutambalala, kakolo wam'kati n'kukagunda chigoba. Chopondapo choumbidwa pa phazi lanu chimathetsa zowawa zina zomwe mukanafutukulira chigoba pachabe, ndiye chiyambe ndi chimenecho. Liner nayo imasinthika payokha. Za Intuition ndi zopepuka, zofunda, zoumbidwa ndi kutentha, ndipo n'zimene cabrio zambiri zimabwera nazo. Za ZipFit zili ndi phala la cork (khungwa lopepuka la mtengo) lomwe limasuntha kutsata kakolo ndipo limatha kuwonjezeredwa. N'zolemera ndi zodula, koma zimakhalitsa kuposa chigoba chimene. Makampani enanso amapanga zigoba zolowetsa mu uvuni wapadera wa m'sitolo, monga Memory Fit ya Atomic ndi Custom Shell ya Salomon. Kutenthako kumafutukula, sikuchepetsa. Ndipo uvuni wophikira kunyumba si malo ake.

Kunsi kwa jombo, komwe kungathyole mwendo

Apa m'posafunika kungoganizira. Kunsi kosalala kwachikale kumatsata muyezo wa ISO 5355. Kwa GripWalk, kokhala ndi labala ndi kokhota kuzala kuti kuyenda kuphweke, ndi ISO 23223. Kwa jombo zokwerera ndi ISO 9523. Jombo ya GripWalk ikalowetsedwa mu binding yakale yopangidwira kunsi kosalala kokha, imatha kulowa ndithu, koma imapanikizika kuzala ndipo mwina singatuluke pomwe mwagwa. Yang'anani chizindikiro cha GripWalk kapena MNC pa binding. Pambali pa chidendene palembedwanso kutalika kwa kunsi m'mamilimita, mwachitsanzo 305 pa jombo zambiri za 26.5. Nambalayi imasiyana pakati pa mitundu ngakhale saizi ili imodzi, choncho jombo ikasintha, binding ikonzedwenso ndi mmisiri. Milomo yodyeka chifukwa choyenda pa tala imasokonezanso katulukidwe. Pa jombo zambiri zidutswa zake zimamasulidwa n'kusinthidwa.

Kugula kapena hayala

Kwa amene ali ku Johannesburg n'kumapita ku Afriski ku Lesotho kamodzi pakati pa June ndi August, kapena ali ku Britain n'kumayesera m'nyumba za chipale za ku Hemel Hempstead ndi Manchester, hayala ndi yokwanira pa masiku oyamba. Jombo za hayala zimakhala zotakasuka, zofewa, ndipo liner zake zinaphwa kale ndi mapazi a anthu ena, choncho pemphani saizi ya phazi lanu loyezedwa m'masentimita, osati ya nsapato zanu zoyendera, ndipo ikakhala yogwedera bwererani mukasinthe. Mukayamba kupita sabata yathunthu chaka chilichonse, kaya ku Glenshee ndi Cairngorm ku Scotland kaya ku Alps, gulani jombo musanagule ski, ndipo mugule m'sitolo yomwe ili ndi mmisiri amene adzakukonzereni mukabwerako ndi madandaulo.

Za kaunjika chenjerani nazo. Polyurethane amakalamba ngakhale jombo ili m'kabati: chinyezi chimamudya pang'onopang'ono, ndipo jombo ya zaka zambiri yooneka yatsopano imatha kusweka ngati mbale tsiku lozizira, kawirikawiri pachidendene kapena kuzala, pomwe binding yagwira. Pulasitiki wosintha mtundu, wonata m'manja kapena wa timing'alu pafupi ndi zomangira ndi wotha. Yanu mukaigula, tulutsani liner iume usiku uliwonse kutali ndi moto kapena chotenthetsera m'nyumba, ndipo poisunga tsekani zomangira pa dzino loyamba, apo ayi mapiko aja amakhala chotseguka ndipo nyengo yotsatira amavuta kusanjikizana.